Nyemba Ziwiri M'dzanja la Samira

Maganizo ochoka ku Ntcheu anandibwerera tsiku limene mphepo inasasula denga la nyumba yathu. Ndinaona bambo anga akuthamangitsa udzu m'munda mwa eni, abale a amayi ataima poteropo akuseka. Sankaseka mwankhanza ayi, ankangoseka monga anthu amasekera mkamwini. Bambo anga, a Juwawo, anawoloka malire kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali mnyamata, nakwatira pamudzi pa amayi. Anakalambira pomwepo, koma dzina loti mlendo silinawachoke. Tsiku limenelo ndinadziuza kuti ndipita kulikonse kumene kuli ntchito, ndidzawamangire nyumba yamalata imene mphepo sidzaichita chipongwe.

Ku Ireland ndinalowa ngati mwana wasukulu. Mapepala atatha ndinapempha malo ngati wothawa kwawo, monga ankachitira anzathu ambiri. Zaka za ku hositelo ya othawa kwawo sindikonda kuzikamba, chifukwa munthu ukamadya ndi kugona modikira kalata umasanduka ngati katundu woiwalidwa pa depoti. Atandilola kugwira ntchito ndinapeza malo kunyumba yosamalira okalamba ku Blanchardstown. Kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza, kumeta. Ndalama zinayamba kupita kumudzi mwezi ndi mwezi, ndipo njerwa zinayamba kukwera. Amayi ankanditumizira zithunzi za khoma, nthawi zonse chala chawo chitaphimba theka la chithunzicho.

Ku Dublin ntchito imapezeka, chosowa ndi pogona. Ndinayendera zipinda zambiri, kulikonse ndikupeza mzere wa anthu ofika kale. Amene anandipulumutsa ndi Huda, mayi wa ku Iguputo amene ankaphika kuntchito kwathu. Anati m'nyumba imene ankakhala ku Ballymun mwatsala kachipinda kakang'ono, koma sangandilonjeze kanthu mpaka anzake avote. Ndinkayesa nthabwala.

Sinali nthabwala. M'nyumba imeneyo munali akazi atatu, onse Aluya: Huda, Leila wa ku Moroko amene ankaphunzira za unamwino, ndi Samira wa ku Palestina amene ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Chilichonse ankavotera pokweza manja. Hita yotenthetsa m'nyumba iyatsidwe nthawi yanji, shelefu ya pamwamba mufiriji ikhale ya ndani, atulutse mabini a zinyalala ndani. Lamuloli analibweretsa ndi Huda. Ankati kwawo anavota kambirimbiri koma wopambana ankadziwika masankho asanayambe, ndiye pano akufuna kulawa voti imene sudziwa mathero ake. Anandivomera onse. Sabata yotsatira anavotera matemba anga, ndipo ndinaluza moipa. Anandilola kukazinga Loweruka lokha, mawindo onse ali pululu.

Mwa atatuwo, mnzanga weniweni anakhala Samira. Anali wamkamwa, wosachedwa kupsa mtima, komanso wosachedwa kuseka. Ndiye anandionetsa sitolo ya pa Moore Street imene inkagulitsa therere labwino, ndipo tinkakangana njira yonse za kaphikidwe kake. Iye ankati kuthira soda m'therere ndi tchimo. Ine ndinkati therere losatelera ndi lamanyazi.

Amayi anamwalira ndili komweko. Mapepala anga anali asanalongosoke, ndikanatuluka sindikanabwereranso. Maliro ndinawaonera pa foni, chithunzi chikuduka-duka, nyimbo zikumveka ngati zochokera pansi pa madzi. Palibe kusungulumwa koposa kumeneko. Samira sanandifunse chimene ndikufuna. Anachotsa mipando pabalaza, nayala bulangete pansi, nakhala nane pamenepo monga timachitira pa siwa kwathu, ngakhale panalibe amene anamuuza. Anajomba kuntchito, anandiphikira, anandikakamiza kudya. Kuyambira pamenepo ndinkamutcha achemwali, iye n'kumanditcha mawu a kwawo otanthauza chimodzimodzi.

Pa nthawi yomweyo mlongo wanga Yohane anapeza mwayi wokagwira ntchito m'minda ya ku Israeli, monga anachitira anyamata ambiri a kwathu. Kumudzi kunali chimwemwe. Ife tinakula tikudziwa Israeli wa m'Baibulo, dziko la Yordano ndi Yerusalemu, ndipo kumpingo kwathu mbendera yake inkapachikidwa pafupi ndi guwa. Zoti kumeneko kuli mikangano ndinkazidziwa, koma ndinkazidziwa ngati nkhani za pa wailesi. Anzanga m'nyumbamo ndinawauza kumene Yohane ali. Samira anangoti munthu wosauka amapita kumene kuli ntchito, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenako nkhondo inakula. Yohane ankanditumizira mauthenga akuti malipenga ochenjeza alira, athawira m'chipinda chobisalamo, atuluka, abwerera kukathyola tsabola. Samira naye foni inali kumanja nthawi zonse, akuyesa manambala a abale ake osalowa. M'nyumba imodzi munali anthu awiri oopa mitambo imodzimodzi, koma wina ali tsidya lino wina tsidya lina.

Lamulungu lina m'mawa ndinali kukhitchini ndikusita yunifolomu, foni ili pokweza, ndikutsatira mapemphero a gulu lathu la Amalawi. Abusa ankasakaniza Chichewa ndi Chingerezi monga amachitira. Anapempha kuti Mulungu apatse Israeli chigonjetso pa adani ake onse, ndipo ine, mtima uli pa Yohane, ndinayankha ameni mokweza. Nditacheuka ndinapeza Samira ataima pakhomo. Sabata imeneyo anali atamva kuti msuweni wake wafera m'nyumba pamodzi ndi ana ake.

Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ameni wakoyo, adaniwo ndi ndani?"

Ndinayesa kufotokoza za Yohane. Mawu ankatuluka okhota. Iye anati wamva, nakwera kuchipinda kwake. Masiku otsatira tinkapewana ngati apongozi. Ndikalowa kukhitchini iye ankatuluka. Lachitatu Huda anandiuza, maso ali pansi, kuti Samira wapempha voti yoti ndichoke m'nyumbamo, ndipo ichitika Lamulungu masana.

Mantha anandigwira enieni. Kunja kunali chisanu, ndipo ndinkadziwa anthu ogwira ntchito bwinobwino amene ankagona m'galimoto. Koma chimene chinkandipweteka kwambiri chinali chakuti wopempha votiyo ndi yemwe uja anakhala nane pansi pa maliro a amayi.

Kuntchito ndinkasamalira mkulu wina dzina lake Bambo Aaron, Myuda wobadwira mu Dublin momwemo, amene kale anali telala. Mwana wawo wamkazi ankakhala ku Israeli ndi zidzukulu. Anali munthu wovuta pa ndevu zawo, ankafuna ndiwamete ine basi. Tsiku lina sabata imeneyo anaona kuti maganizo anga ali kwina, ndipo anati ndiike lezala pansi ndisanawadule khutu. Ndinawauza zonse. Ndinkayembekeza kuti andiikira kumbuyo, koma anayamba ndi kundidzudzula. Anati munthu sanena ameni pa pemphero limene sanalimvetsetse, ndipo iwonso sapempherera imfa ya ana a munthu aliyense. Kenako anapitiriza, sopo akuuma pamasaya.

"Anthu amandiuza kuti Aluya akadzakhala ndi ufulu wovota, ambiri adzati dziko la mwana wanga lisakhalepo," anatero. "Mwina n'zoona, mwina ayi, sindinawafunse. Ufuluwo ndikuwafunira. Koma akadzavota choncho, mwana wanga apite kuti? Makolo anga anathamangitsidwapo kale ndi anthu amene anali ambiri."

 Ndinamaliza kuwameta, ndinawapukuta, ndinapita kwa wotsatira.

Lamulungu lija tinakhala pabalaza tonse anayi. Voti isanayambe panabuka mkangano umene ine sindinauyembekezere. Kunena zoona, ndinkaganiza kuti pa nkhani ya Israeli, Aluya onse ali ndi pakamwa pamodzi. Leila ndiye anayamba. Anati agogo ake anakula moyandikana ndi Ayuda, ankabwerekana mchere, ndipo iye akanafunsidwa akanati dziko la Israeli likhalepo, bola la Samira likhaleponso, lofanana ulemu. Huda anapukusa mutu. Anati boma la kwawo linasaina mtendere iye ali kamtsikana, popanda kufunsa bambo ake amene anataya mchimwene wawo kunkhondo, ndipo mtendere wosainidwa pamwamba pa mitu ya anthu sulowa m'mitima. Anati atafunsidwa lero anganene kuti ayi, koma nkhondo saifunanso, ndipo sadziwa kuti ziwirizi angazigwirizanitse bwanji. Leila anamuuza kuti ndiye kuti sakudziwa chimene akufuna. Huda anayankha kuti munthu amene sanafunsidwepo maganizo moyo wake wonse ali ndi ufulu wosokonezeka. Anakangana m'Chingerezi, kenako m'Chiarabu, kenako m'Chingerezi. 

Pofika pa nkhani yanga, Huda anakana zokweza manja. Anati pamaso pa wamaliro palibe angakweze dzanja momutsutsa, ndiye voti yotero ingakhale ngati za kwawo zija. Anatenga nyemba, napatsa aliyense ziwiri, yoyera yoti ndikhale, yofiira yoti ndichoke. Kapu anaiika kukhitchini, ataiphimba ndi kansalu. Ine ndinalibe voti. Anapita mmodzimmodzi, Samira pomalizira. Ndinakhala ndikuyang'ana kapeti, ndikuganiza kuti masutikesi anga ndikawasungitsa kwa ndani.

Huda anakhuthulira kapuyo patebulo. Munatuluka nyemba ziwiri zokha, yoyera ndi yofiira. Tonse tinayang'ana Samira. Iye anatambasula dzanja, ndipo zake zonse zinali momwemo, zitanyowa ndi thukuta.

"Ndinaima pa kapu paja ndi yofiira," anatero. "Ndiye ndinakumbukira agogo anga. Nyumba yawo inagawidwa ndi anthu okweza manja kudziko lakutali, anthu amene sanaonepo ngakhale chitseko chake. Anafa ali ndi kiyi wa nyumbayo. Ine sindingavotere munthu kuti asowe pogona. Votiyi ndinaiitanitsa ndine, ndipo ndikuithetsa."

Ananditembenukira n'kundiuza kuti ndisaganize kuti wasintha maganizo. Za dziko lija, mtima wake ukukanabe, ndipo ameni wanga akumupwetekabe. Ndinamuuza kuti ndamva, ndipo kuti pemphero langa kuyambira tsiku limenelo lizitchula anthu ndi maina awo. Nyemba yofiira ija sindinadziwe kuti anaponya ndani, mpaka lero. Masiku oyamba ndinkawayang'ana Huda ndi Leila mokayikira, koma onse awiri anapitiriza kundisungira chakudya ndikachedwa ku shifiti, ndiye ndinazisiya.

Ubwenzi wanga ndi Samira sunabwerere tsiku limodzi. Unabwerera pang'onopang'ono, ngati mwendo wochita dzanzi. Tsiku lina tili pa basi ndinamuuza funso la Bambo Aaron. Titadutsa masiteji angapo anati funso limenelo ndi lakenso, mawu ake omwewo, ndipo n'zokwiyitsa kulimva kuchokera kwa munthu wa mbali inayo. Anati amayi ake atakhala ndi voti yolemera mofanana ndi ya mwana wa mkuluyo, ndipo atafunsidwa osati kamodzi koma chaka ndi chaka, sadziwa chimene angadzayankhe pomaliza. Sanapite kukawaona Bambo Aaron, ndipo iwonso sanapemphe. Koma tsiku lina anandifunsa ngati kumunda kwa Yohane chipinda chobisalamo chili pafupi, ndipo nditati chili patali, anatukwana mwini mundayo m'zinenero ziwiri.

Mapepala anga atatuluka ndinagula tikiti yopita kwathu. Inali nthawi yomanga chiliza cha amayi, ndipo Yohane naye anali atabwerako, wowonda koma wamoyo. Nyumba ndinaipeza yokongola kuposa pa zithunzi. Bambo anandilandira atavala jekete imene ndinawatumizira kalekale, ikadali ndi mapindo a m'sutikesi. Anali atakalamba kwambiri. Kumpingo mbendera ija inalipobe, ndipo amayi a chigwirizano anandizungulira kufunsa ngati n'zoona kuti ndinkagona nyumba imodzi ndi Aluya, komanso ngati sindinkaopa. Ndinawauza kuti chimene ndinkaopa kwambiri chinali kuluza voti ya matemba. Anaseka, koma sanakhulupirire.

Chiliza chitatha, malume anga a Kachingwe anaitanitsa msonkhano wa banja. Malume ndi munthu wansangala, wokonda mawu akuluakulu, ndipo sindinawamvepo akukalipira munthu. Tinakhala pabwalo m'mawa, amuna pamipando mbali ina, akazi pamphasa mbali ina. Bambo anawapatsa kampando kawo pakati. Malume anayamba ndi kuyamika. Anati a Juwawo akhala nafe bwino, sanabe nkhuku ya munthu, analera ana, anasamala amayi mpaka tsiku lomaliza. Ndiye anati tsopano nthawi yakwana yowasudzula, kuti akhale omasuka kubwerera kwawo, pakuti mlendo ndi mame. Munda ndi malo a nyumba zibwerere ku mbumba, ana akhalebe chifukwa ndi eni mudzi.

Kwawo kwa bambo anga kulibe. Mudzi wawo unatenthedwa iwo asanamere ndevu, ndipo abale amene anatsala anabalalika. Aliyense pabwalopo ankadziwa zimenezi. Anthu omwewo Lamulungu lapitalo anali ataimba mokweza za ana a Israeli obwerera kudziko lawo, ena mpaka misozi. Sindinawaone ngati oipa. Ndinangoona kuti kwathu timamvera chisoni munthu wopanda kwawo akakhala wa m'Baibulo, koma akakhala pakampando patsogolo pathu timamutcha mkamwini.

Malume anamaliza ndi nthabwala. Anati masiku ano ndi a demokalase, iwo sangalamule okha, ndipo poti pali wochokera ku Ulaya, zinthu zichitike mwachizungu. Onse ovomereza akweze manja.

 Ndinali ndisanakonzekere mawu, ndipo mkazi wa msinkhu wanga satsutsana ndi malume ake pagulu. Ndinangodzuka pamphasa, ndinayenda pakati pa bwalo, ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo ya bambo. Ndinati, "Malume, musanawerenge manja, wina andiuze kumene bambo akagone. Akanena, ndinyamule chikwama chawo ndipite nawo, chifukwa nanenso ndine magazi a mlendo."

 Manja ena amene anali atayamba kukwera anakathera kukanda m'mutu. Yohane anachoka pampando wake nadzakhala mbali ina ya bambo. Malume anayesa kuseka, nati mwana wa mlongo wawo wabwera ndi malamulo a kunja, mwambo sindiwo anauyamba. Anayang'ana kwa akazi kuti awathandize, makamaka kwa amayi aang'ono, aNankhoma, amene mundawo ukanapita kwa iwo.

ANankhoma anakonza chitenje chawo mosafulumira. "Achimwene, ine mkono wanga uli ndi nyamakazi, sukwera," anatero. "Ndipo munthu amene anandikumbira manda a ana anga awiri, ndimutche mlendo lero? Musudzuleni za ukwati, akafuna kukwatira akwatire. Za munda zisiyeni."

Akazi ena anang'ung'udza movomereza. Sikuti onse anakondwa. Msuweni wanga wina anadzuka n'kuchoka, ndipo mpaka ndinabwerera ku Dublin sanandipatse moni. Malume anakhala kanthawi akusisita bondo, kenako anati nkhani ya munda aiona tsiku lina. Kwathu tsiku lina limatha kukhala kutali kwambiri, ndipo aliyense anamva chimene ankatanthauza. Mwambo wosudzula unachitika, koma chikwama cha bambo sichinatuluke m'nyumba.

Ndinamuimbira Samira kumufotokozera. Anati malume angawo akanayenera kukumana ndi Huda, akanakwatirana. Kenako anandiuza kuti ndifulumire kubwerera, chifukwa kachipinda kanga akuumitsiramo zovala ndipo Leila akufuna kuitanitsa voti yoti kakhale choncho mpaka kalekale.

 Kutatsala masiku ochepa kuti ndinyamuke, bambo anandiitana kuseri kwa bafa. Kumeneko, pamthunzi, panali timitengo ta mapeyala m'mapepala apulasitiki. Tinali titakula mopitirira, mizu itaboola mapepala n'kulowa m'dothi. Anati anafesa amayi akadali moyo, koma atamwalira analeka kuganiza zowokera, chifukwa mkamwini sadzala mtengo pamalo pamene angauzidwe kuti achoke. Ankangotithirira.

Anandifunsa, osandiyang'ana, ngati ndikuona kuti angawoke.

Ndinawauza kuti awoke. Anapita kukatenga khasu, ndipo anayeza mayenje motalikirana kwambiri, mpaka ena anafika kumalire a munda. Nditawafunsa chifukwa chake, anati peyala likakula limafuna malo, ndipo iwo akufuna kudzaliona litakula.